Matimati a Masamba Onga a Mbatatesi: Kalimidwe ndi Kasungidwe ka Mbewu Yake Pakhomo



Nkhani ya lero ikuyambira pa nazale. Mlimi wafesa mbewu ya matimati imene mbale wake wamtumizira kuchokera kutali, ndipo patapita masabata atatu akuona mbande zosiyana ndi zimene anazolowera. M'malo mwa masamba ogawikagawika a manomano m'mphepete, mbandezo zatulutsa masamba otambalala, osalala m'mphepete, onga a mbatatesi, imene ena amaitcha kachewere. Alimi ena akaona zotere amazula mbandezo, poganiza kuti ndi zomera zakutchire kapena kuti wogulitsa mbewu anawanyenga. Ena amakondwera mopitirira muyeso, nayamba kuuza anzawo kuti apeza matimati obadwa kwa mbatatesi, amene sagwidwa chiwawu. Onse awiri alakwitsa, koma wachiwiriyu ndiye amataya zambiri, pakuti amabzala dimba lonse nasiya kuliteteza.

Chomera chimenechi ndi matimati enieni, kapena kuti phwetekere monga amanenera m'madera ena. Wokayika angofikisa tsamba limodzi ndi zala n'kununkhiza, pakuti fungo la matimati silisokonekera ndi la chomera china chilichonse. N'zoona kuti matimati ndi mbatatesi n'zapachibale. Zonse ziwiri zili m'fuko limene akatswiri amalitcha Solanum, pamodzi ndi mabiringanya, ndipo makolo a zonse ziwiri anachokera ku South America, m'dera la mapiri a Andes. Katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaika matimati m'fuko limeneli mu 1753. Pambuyo pake anapatsidwa dzina lina lakuti Lycopersicon esculentum, limene alangizi akale analoweza kusukulu ya zaulimi, koma kafukufuku wa chibadwa cha zomera anawabwezera ku dzina lawo loyamba la Solanum lycopersicum. Chibale chimenechi sichifika pakuti mungu wa mbatatesi ungabereketse duwa la matimati m'munda. Mu 1978 akatswiri a ku Tübingen m'dziko la Germany, motsogozedwa ndi Georg Melchers, anaphatikiza maselo a zomera ziwirizi m'nyumba yopimira zinthu, koma chimene chinamera sichinapatse munthu matimati kapena mbatatesi zoti angakolole. Kumezanitsa tsinde la matimati pa tsinde la mbatatesi kumatheka, monga momwe amamezanitsira mango ndi malalanje, koma kumezanitsa sikusintha mbewu, ndipo njere za chipatso chotere zimamera matimati a mtundu womwewo umene unamezanitsidwa.

Pali chenjezo limodzi loyenera kunenedwa pano, makamaka m'madera olima mbatatesi monga ku Dedza, ku Ntcheu, ku Angónia ndi ku Nyanga. Mbatatesi ikachita maluwa nthawi zina imabereka tizipatso tobiriwira tofanana ndi matimati osapsa. Tizipatso timeneti tili ndi poizoni. Pakhomo pamene ana aona makolo akuthyola matimati pa chomera cha masamba onga a mbatatesi, ayenera kuuzidwa momveka kuti zipatso za mbatatesi yeniyeni sizidyedwa.

Nanga tsamba lotambalalali lichokera kuti? Lichokera pa kanthu kamodzi kokha ka chibadwa, kamene akatswiri amakatcha jini. Mawu amenewa asasokoneze munthu ndi majini a mizimu. Jini ya akatswiri ndi lamulo lolembedwa m'kati mwa selo, limene chomera chimalandira kwa makolo ake. Matimati ali ndi timaulusi ta chibadwa, totchedwa makromozomu, tokhala tiwiritiwiri m'magulu 12, ndipo jini ya tsambali ili pa kaulusi ka nambala 6. M'mabuku a akatswiri imalembedwa ndi chilembo cha c. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ofufuza a ku America ankadziwa kale m'mene chizindikirochi chimayendera kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, koma jini yeniyeniyo inadziwika mu 2011, pamene ofufuza a bungwe la Max Planck ku Cologne anasonyeza kuti ntchito yake ndi kuuza tsamba lanthete malo oyenera kugawikira. Jiniyo ikakhala yolumala, tsamba siligawika mokwanira, ndipo limakula ndi timasamba tochepa, tatikulu, topanda mano.

Chomera chilichonse chimalandira jini imeneyi kawiri, kamodzi kuchokera ku mungu, amene ali ngati bambo, ndi kamodzi kuchokera ku duwa lobereka chipatso, limene lili ngati mayi. Jini ya tsamba la manomano ndi yamphamvu, ndipo ikapezeka ngakhale kamodzi kokha, tsamba limatuluka la manomano. Jini ya tsamba la mbatatesi ndi yobisala, ndipo imaonekera pokhapokha ngati yachokera kwa makolo onse awiri. Motero matimati a manomano akakwatirana ndi a masamba a mbatatesi, ana onse amatuluka a manomano, ngati kholo la manomanolo linali losasakanizika. Koma njere za anawo zikafesedwa, pafupifupi mbande imodzi mwa zinayi zilizonse imabwerera ku tsamba la mbatatesi. Pa mbande 40, pafupifupi 10. Awa ndi malamulo amene Gregor Mendel anapeza pa nsawawa m'munda wake ku Brno, nawafalitsa mu 1866. Anthu akumudzi sadabwa nazo, popeza amadziwa kuti mwana amatha kulumpha nkhope ya bambo ndi mayi ake natengera agogo. Achikumbe asunge mfundo imeneyi, chifukwa phindu lenileni la tsambali lagona pamenepa, ndipo idzabweranso pa nkhani ya kasungidwe ka mbewu.

Mitundu yambiri ya matimati otere ndi yakale, yosungidwa ndi mabanja ndi alimi a m'madimba a pakhomo ku America ndi ku Ulaya. Wotchuka kwambiri ndi Brandywine, wa zipatso zikuluzikulu zofiirira mwapinki, zimene chimodzi chimatha kulemera theka la kilogalamu. Unafala kudzera m'bungwe losunga mbewu zamakolo la Seed Savers Exchange, limene linakhazikitsidwa ku America mu 1975. Brandywine amakoma kwambiri, koma amachedwa, pakuti amatenga masiku 80 kufikira 90 kuchokera tsiku lowokera, ndipo amabereka zipatso zowerengeka. Pruden's Purple amafanana naye koma amafulumirirako. Kumbali ina kuli Stupice, wochokera ku dziko la Czech, ndi Matina wa ku Germany, amene zipatso zake ndi zazing'ono ngati dzira la nkhuku kapena kucheperapo, zofiira, zoyamba kupsa patangotha miyezi iwiri chiwokereni, ndiponso zogwira ngakhale usiku ukuzizira. Japanese Black Trifele, amene ngakhale ali ndi dzina lotero anachokera ku Russia, amabereka zipatso zoderako zooneka ngati peyala. Mayina amanyenga: Red Brandywine weniweni ali ndi masamba a manomano, pamene Yellow Brandywine ali ndi a mbatatesi. Kukoma kwa Brandywine ndi kufulumira kwa Stupice sizichokera pa tsamba ayi. Mitundu iwiriyi imangofanana tsamba, monga anthu awiri a mtunda umodzi amene sali pachibale.

Mlimi amene akuyamba kumene angachite bwino kuyamba ndi Stupice kapena Matina. Brandywine ndi wa munthu woleza mtima, wokhala ndi madzi odalirika, amene sadzadandaula akathyola zipatso khumi zokha pa tsinde.

Mbewu zimenezi sizipezeka kawirikawiri m'masitolo a zipangizo zaulimi a m'chigawo chino cha Africa. Zambiri zimabwera kudzera mwa achibale a ku South Africa, ku Britain kapena ku America, m'kalata kapena m'chikwama cha wapaulendo. Apa alangizi ayenera kulankhula mosabisa. Kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha ofesi yoteteza zomera, ndipo lamuloli si lovutitsa anthu chabe. Matenda ena amayenda pa njere. Chitsanzo ndi vairasi yoderetsa ndi kukwinyitsa zipatso, yolembedwa mwachidule kuti ToBRFV, imene inaoneka koyamba ku Israel mu 2014 ndi ku Jordan mu 2015, ndipo m'zaka zochepa inafika m'maiko ambiri. Vairasi imeneyi imagwira ngakhale matimati amakono amene anali otetezeka ku mavairasi a fuko lake. Kapepala ka njere makumi awiri kangathe kubweretsa tsoka kwa alimi onse a matimati a m'boma lathunthu.

Tsopano za chikhulupiriro chija chakuti tsamba la mbatatesi limateteza ku matenda. Alimi ena a ku Ulaya ndi ku America amanenadi kuti tsamba lochindikalali limapirira, koma jini ya tsamba ndi ina, ndipo jini zoteteza ku matenda ndi zina. Chitetezo ku chiwawu chakuda, choyambitsidwa ndi Phytophthora infestans, chimachokera pa jini monga Ph-3, imene ili pa kaulusi ka nambala 9 ndipo inatengedwa ku matimati akutchire a tizipatso ting'onoting'ono. Chitetezo ku nyongolotsi za m'mizu chimachokera pa jini yotchedwa Mi, imene inatengedwa ku matimati akutchire a ku Peru m'zaka za m'ma 1940. Mitundu yakale ya masamba a mbatatesi ilibe jini zimenezi, chifukwa inalipo kale ntchito yoteroyo isanachitike kapena inapangidwa popanda cholinga chimenecho. Chiwawu chakudacho n'chimene chinawononga mbatatesi ku Ireland kuyambira 1845, anthu pafupifupi miliyoni imodzi namwalira ndi njala ndi matenda. Ngati tsamba la mbatatesi yeniyeni silinadziteteze, tsamba longofanana nalo silingateteze matimati. Ndiponso tsamba lotambalala limasunga mame ndi madzi a mvula nthawi yaitali m'kati mwa chomera chowirira, ndipo chinyezi ndicho chimene chiwawu chimafuna.

N'chifukwa chake matimati awa sayenera kulowa m'malo mwa mitundu imene kafukufuku wa m'chigawo chino anatulutsa. Tengeru 97, amene anatulutsidwa ku Tanzania mu 1997 mothandizana ndi bungwe la AVRDC, lodziwika masiku ano kuti World Vegetable Center, amapirira nyongolotsi za m'mizu ndi kufota kwa Fusarium. Rodade wa ku South Africa amapirira kufota koyambitsidwa ndi mabakiteriya. Mitundu imeneyi ndi yolimba khungu, yotha kuyenda m'dengu pa njinga kapena pamwamba pa basi. Brandywine ali ndi khungu lopyapyala, amang'aluka msanga, ndipo sangafike pa msika wa Lizulu kapena wa Soweto ku Lusaka ali wathunthu. Malo ake ndi m'dimba la pakhomo, mapando asanu ndi limodzi kapena khumi, pambali pa mtundu wodalirika umene udzapatsa banja ndiwo ngakhale alendowa atalephera.

Posankha malo, mlimi ayenera kufunsa mbiri ya nthakayo. Pamene panali matimati, mbatatesi, fodya, tsabola kapena mabiringanya m'zaka zitatu zapitazo si pabwino, chifukwa zonsezi zimagawana matenda ndi nyongolotsi. Pamene zomera zinafota mwadzidzidzi masamba akali obiriwira, mlimi adule katsinde ka chomera chofotacho n'kukaviika m'tambula ya madzi oyera. Akaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo, adziwe kuti ndi mabakiteriya ofotetsa, ndipo mitundu yakaleyi isabzalidwe pamenepo. Amene nthaka yake yonse ili ndi vutoli angathe kubzala m'matumba kapena m'zidebe zazikulu zoboola pansi, zodzaza ndi dothi lotengedwa kumene sikunalimidwepo mbewu za banja limeneli, losakaniza ndi manyowa owolerana. Dimba la matimati lisayandikane ndi munda wa mbatatesi, pakuti chiwawu chimauluka ndi mphepo kuchoka uku kupita uko.

Nyengo ndi nkhani yaikulu koposa zonse. M'dzinja, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, mitundu imeneyi imapsa ndi chiwawu isanabereke, pokhapokha itakhala pansi pa denga la pulasitiki. Nthawi yabwino m'madera ambiri ndi kufesa mu Malichi kapena Epulo, mvula ikutha, n'kuwokera mu Epulo kapena Meyi. Komabe m'madera okwera monga ku Thyolo ndi ku Mulanje, chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza imene chiwawu chakuda chimakonda, ndipo pamenepo kupopera mankhwala a kopa kapena a mancozeb matenda asanaoneke, motsatira malangizo a pa paketi, n'kofunika. M'madambo otsika a kumapiri chisanu chimatha kupha zomera usiku umodzi. Usiku ukazizira kutsika pa madigiri 13, maluwa a mitundu ya zipatso zikuluzikulu sagwira bwino, ndipo amene agwira amabereka zipatso zopindika za zipsera kunsi. Kutentha nako kuli ndi malire ake: masana akaposa madigiri 32 ndipo usiku usatsike pa 21, mungu umafooka ndipo maluwa amayoyoka. Motero m'zigwa za Shire, Luangwa ndi Zambezi matimati otere amatheka m'miyezi yozizira yokha, ndipo wofesa mu Ogasiti amadzangoona masamba okongola mu Okutobala popanda chipatso.

Popeza njere zake zimabwera zowerengeka, sibwino kuzimwaza pa bedi monga amachitira ndi mbewu ya m'chitini. Zifesedwe imodziimodzi kapena ziwiriziwiri m'timachubu kapena m'makapu akale oboola pansi, mozama sentimita imodzi, ndipo mtundu uliwonse ulembedwe dzina pa kamtengo. Zimamera pakati pa masiku 5 ndi 10. Mbande zimakhala zokonzeka kuwokera pakatha masabata anayi kapena asanu, zili ndi masamba enieni anayi kufikira asanu ndi limodzi. Kuwokera kuchitike madzulo, ndipo mbande ikwiriridwe mozama kufikira pafupi ndi masamba oyamba, chifukwa tsinde la matimati limatulutsa mizu paliponse pamene lakhudza dothi lonyowa. Pa phando lililonse pathiridwe zikhatho ziwiri za manyowa owolerana bwino. Mizere italikirane masentimita 90, ndipo mapando masentimita 60, koma kwa Brandywine ndi anzake a masamba aakulu 75 ndi bwino, kuti mphepo izidutsa n'kuumitsa masamba.

Yambiri mwa mitundu imeneyi imakula mosalekeza, ndipo imatha kupitirira msinkhu wa munthu. Nsungwi kapena mtengo wa mamita awiri uzikidwe tsiku lowokera lomwelo, mizu isanatambalale, ndipo tsinde limangidwe ndi luzi kapena chingwe cha khonje momasuka, kuti lisadzipotokole likamakula. Masamba otambalala amagwira mphepo ngati thanga la ngalawa, choncho mtengo wosazikika bwino umagwa ndi mphepo ya mwera. Kuthena kuchitike sabata iliyonse: mphukira zotuluka pakati pa tsinde ndi tsamba zichotsedwe zisanatalike kuposa chala, n'kusiya tsinde limodzi kapena awiri. Masamba apansi okhudza dothi achotsedwe pang'onopang'ono mpaka pa tsango loyamba la zipatso, chifukwa chiwawu cha mawanga ozungulira, choyambitsidwa ndi Alternaria, chimayambira pamenepo madzi akamathovukira kuchokera pansi. Koma mlimi asapitirire mpaka kuvula chomera chonse. Ubwino umodzi woonekeratu wa tsamba lalikululi ndi mthunzi umene limapereka kwa zipatso, zimene zikakhala poyera mu Sepitembala zimawauka mbali imodzi.

M'madera olima fodya pali chinthu china chosayenera kuiwalika. Vairasi yochititsa masamba mawangamawanga imakhala m'fodya, ngakhale wouma, ndipo imayenda pa zala. Wogwira fodya kapena wopichira chingambwe asambe m'manja ndi sopo asanayambe kuthena matimati.

Madzi athiridwe pansi pa chomera, m'mawa, mosanyowetsa masamba, ndipo athiridwe mofanana nthawi zonse. Dothi likauma kwa masiku angapo kenaka n'kuthiridwa madzi ambiri nthawi imodzi, zipatso za khungu lopyapyala zimang'aluka. Kusinthasintha komweko ndiko kumabweretsa kuwola kwakuda kunsi kwa chipatso, kumene alimi ambiri amakuyesa matenda napopera mankhwala pachabe. Kuwolako kumadza chifukwa mchere wa kashiamu sukufika ku chipatso, popeza mcherewo umayenda ndi madzi. Kuphimbira ndi udzu wouma kumathandiza pa zonsezi. Feteleza wobereketsa monga CAN athiridwe pang'ono, kachitsekerero kamodzi ka botolo pa phando, zipatso zoyamba zitagwira. Brandywine akapatsidwa nayitrojeni wambiri amasanduka chitsamba chobiriwira mochititsa kaso, mlendo aliyense nachiyamikira, koma mphika osaona kanthu.

Tizilombo tiwiri tiyenera kutchulidwa. Kangaude wofiira wa matimati, Tetranychus evansi, amene kwawo ndi ku South America, amaswana kunsi kwa masamba m'miyezi yotentha ndi youma, ndipo tsamba lotambalala limamubisa bwino; mlimi azitembenuza masamba kawiri pa sabata. Mbozi yoboola masamba ndi zipatso yodziwika kuti Tuta absoluta inafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo pofika 2016 inali ku Zambia, ku Mozambique ndi ku South Africa. Pa tsamba lalikulu losalala, timipata toyera timene mboziyi imadya m'kati mwa tsamba timaoneka msanga, ndipo m'dimba la mapando khumi kuthyola masamba otere n'kuwakwirira mozama kumathandiza koposa kupopera mankhwala amodzimodzi mobwerezabwereza, amene mboziyi imawazolowera.

Zipatso zithyoledwe zitangoyamba kufewa kunsi, ngakhale mapewa akali obiriwirako, ndipo zimalize kupsa m'nyumba pamthunzi. Wodikira kuti Brandywine afiire ponseponse ali pa tsinde amadzapeza atang'aluka kapena atajompholedwa ndi mbalame.

Chatsala ndi kasungidwe ka mbewu. Mitundu yatchulidwayi si ya haibulidi, choncho njere zake zimabereka zofanana ndi kholo, malinga ngati mungu wachilendo sunalowe. Duwa la matimati amakono limadzibereketsa lokha pafupifupi nthawi zonse, chifukwa kamutu kolandira mungu kamabisika m'kati mwa kachubu kachikasu kopangidwa ndi timatumba ta mungu. Pa mitundu ina yakale, makamaka ya zipatso zikuluzikulu, kamutuko kamatulukira kunja kwa kachubuko, ndipo kutentha kumawonjezera vutoli. Duwa loyamba la Brandywine nthawi zambiri limakhala lalikulu, lopangidwa ndi maluwa angapo omatana, ndipo kamutu kake kamakhala poyera kotheratu. Njuchi za uchi sizikonda maluwa a matimati popeza mulibe timadzi totsekemera, koma bemberezi ndi tinjuchi tina takutchire timawayendera kudzagwedeza mungu, ndipo timanyamula mungu wa Money Maker wa m'dimba la mnansi kudzausiya pa Brandywine.

Apa ndipo pamene jini yobisala ija imagwira ntchito imene palibe chida cha mlimi wamba chingaigwire. Ngati mayi ndi wa masamba a mbatatesi ndipo mungu wachokera ku matimati a manomano, mwanayo amatuluka wa manomano. Motero pa mbande zofesedwa kuchokera ku chipatso cha Stupice kapena Brandywine, iliyonse ya masamba a manomano ndi yosakanizika kapena yolowerera, ndipo imadziulula yokha ikali pa nazale, mlimi asanataye manyowa, madzi ndi miyezi itatu. Pa matimati wamba kusakanizika kumadziwika pokolola, nthawi itapita kale. Popeza pafupifupi matimati onse olimidwa m'midzi ndi m'madimba a m'chigawo chino ndi a manomano, mungu wachilendo umene ungalowe pafupifupi nthawi zonse udzasiya chizindikiro chimenechi.

Chizindikirochi chili ndi malire ake awiri. Oyamba ndi akuti mitundu iwiri ya masamba a mbatatesi ikasakanizana, monga Stupice wobzalidwa pafupi ndi Brandywine, tsamba silinena kanthu, ndipo kusakanizikako kudzaoneka pa kukula ndi mtundu wa chipatso basi. Wolima mitundu iwiri yotere aitalikitse mamita khumi kapena kuposerapo, kapena aphimbe matsango a maluwa. Achiwiri ndi akuti ulendo wobwerera wa mungu umabisika. Mungu wa Brandywine ukagwera pa Tengeru 97 kapena Money Maker, ana amatuluka a manomano ngati mayi wawo, ndipo palibe angadziwe. Tsamba la mbatatesi limadzatulukira mbadwo wotsatira. Mlangizi akapeza mbande zotere zowerengeka pa nazale ya mlimi wosunga yekha mbewu ya matimati wamba, adziwe kuti kusakanizika kunachitika nyengo ziwiri zapitazo kapena kale koposa, ndi kuti mwa mbande za manomano zotsalazo zina zanyamula jini yobisalayo. Kuzula za masamba a mbatatesi zokha sikuyeretsa mbewu yoteroyo. Mlimiyo afunika kugula kapena kupempha mbewu yatsopano.

Kuphimba maluwa n'kosavuta. Tsango losankhidwa livekedwe kathumba ka nsalu yopyapyala yolowa mpweya maluwa asanatseguke, ndipo m'mawa uliwonse tsindelo ligwedezedwe pang'ono kuti mungu ugwere pa kamutu. Tizipatso tikaoneka, kathumbako kachotsedwe, ndipo pa tsangolo pamangidwe kaulusi kofiira kuti ana kapena wophika ndiwo asathyole. Chipatso chochokera ku duwa lomatana lija, ngakhale ndicho chachikulu koposa ndi chokopa maso, chidyedwe, chisasungidwe mbewu. Njere zitengedwe ku zomera zathanzi zingapo, zisanu ngati n'kotheka, osati ku chomera chimodzi, ndipo chomera cha masamba a mawangamawanga kapena okwinyika chisapereke mbewu ngakhale zipatso zake zikuoneka bwino.

Chipatso chopsa kwambiri chidulidwe pakati, njere ndi madzi ake zifinyidwire m'botolo kapena m'kapu, n'kusiyidwa pamthunzi masiku awiri kapena atatu, zikutakasidwa tsiku ndi tsiku. Kusasa kumeneku kumasungunula nembanemba yoterera yokuta njere, imene imaletsa kumera, ndipo kumachepetsa tizilombo tina ta matenda. M'nyengo yotentha masiku awiri akwanira, pakuti zikakhalitsa njere zimayamba kumera m'botolo momwemo. Kenaka pathiridwe madzi. Njere zabwino zimamira, zopanda kanthu zimayandama n'kutayidwa pamodzi ndi nkhungu. Zikatsukidwa ziyanikidwe pa mbale kapena pa nsalu, pamthunzi podutsa mphepo, kwa sabata imodzi. Pa lata padzuwa zimapsa. Zikauma ziikidwe m'envulopu, envulopuyo m'botolo lotseka bwino lokhala ndi phulusa louma pansi, ndipo mbewu yosungidwa motero pamalo ozizira imamera bwino kwa zaka zinayi kapena zisanu. Pa envulopu palembedwe dzina la mtundu, chaka, ndi mawu akuti masamba a mbatatesi, chifukwa wodzafesa mbewuyo mwina adzakhala mwana kapena mnansi amene sanaonepo kholo lake. Maofesi a zaulimi amene ali ndi choyezera kutentha angathandize alimi poviika njere m'madzi a madigiri 50 kwa mphindi 25 asanafese, njira imene imapha mabakiteriya ambiri a pa njere. Kuyerekeza kutenthako ndi chala kumapha mbewu.

Nyengo yotsatira, mlimi afese njere zoposa mapando amene akufuna, kuti pakhale zotaya. Timasamba tiwiri toyamba kutuluka m'njere ndi tofanana pa matimati onse, ndipo tsamba lenileni loyamba nthawi zina limanyenga, choncho kusankha kudikire tsamba lachiwiri kapena lachitatu, pafupifupi masabata atatu chifesereni. Mbande ziwiri zikaikidwa pamodzi, ya manomano ndi yosalala, ngakhale mwana wa sukulu amazisiyanitsa. Za manomano zichotsedwe pa mzere wa mbewu. Amene akumva chisoni kuzitaya angaziwokere kumapeto kwa dimba, kutali ndi zinzake, zikhale za ndiwo, koma pa matsango ake pasamangidwe kaulusi kofiira.